Mafunso ndi mayankho: kufulumizitsa mayeso a manambala a mwachisawawa ogwiritsidwa ntchito pobisa mauthenga

Aliyense amene anayesapo kupima jenereta ya manambala a mwachisawawa pogwiritsa ntchito pulogalamu ya NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, akudziwa kuti ntchitoyi imafuna kuleza mtima, chifukwa kompyuta imatha kukhala maola ikuwerenga mabiti isanatulutse lipoti. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza chimene chimachedwetsa mayesowa, njira zimene akatswiri anapeza zowafulumizitsira, ndiponso malire a zimene liwirolo lingatipatse.

Kodi mayeso amenewa amapima chiyani, ndipo akukhudzana bwanji ndi kubisa mauthenga?

Munthu akamatumiza ndalama pa foni kapena kulowa mu akaunti yake ya ku banki pa intaneti, zipangizo ziwiri zimene zikulankhulana zimapanga kiyi yachinsinsi, ndipo kiyiyo imachokera ku manambala amene wina aliyense sayenera kutha kuwalosera. Manambalawa amatuluka mu jenereta, imene ikhoza kukhala kachipangizo kotola phokoso la magetsi mkati mwa chipu, kapena pulogalamu yotenga nambala yaifupi yoyambira, yotchedwa mbewu, n'kuitambasula kukhala mndandanda wautali wa mabiti, kutanthauza ziro ndi wani.

Mayeso a masamu amatenga mndandanda wotere n'kufunsa ngati ukufanana ndi zimene zingatuluke munthu ataponya khobidi losakondera kambirimbiri. Osavuta pa onse amawerenga mawani ndi maziro. Pa mndandanda wa mabiti 1,000,000 timayembekezera mawani pafupifupi 500,000, ndipo chiwerengerocho chikasiyana ndi 500,000 ndi mabiti oposa 1,288, mndandandawo umalephera pa mlingo wa 0.01 umene NIST imagwiritsa ntchito kawirikawiri. Mayeso aliwonse amatulutsa nambala yotchedwa p-value, yosonyeza mwayi woti jenereta yangwiro itulutse mndandanda wopatuka chotere kapena kuposa pamenepa, ndipo nambalayo ikachepera 0.01 timati mndandandawo walephera.

Kodi magulu a mayeso odziwika kwambiri ndi ati?

George Marsaglia wa ku Florida State University anatulutsa gulu la mayeso lotchedwa Diehard mu 1995, ndipo pambuyo pake Robert G. Brown wa ku Duke University analikulitsa kukhala Dieharder. Pierre L'Ecuyer ndi Richard Simard a ku Université de Montréal anafotokoza TestU01 mu 2007, ndipo m'menemo muli magulu atatu, SmallCrush, Crush ndi BigCrush, lomalizali lotulutsa ma p-value 160 ndipo lotenga maola angapo pa kompyuta wamba. Koma gulu limene anthu obisa mauthenga amalitchula kwambiri ndi la bungwe la boma la America la NIST, lofotokozedwa mu chikalata cha SP 800-22, chimene chinakonzedwa komaliza mu 2010. Lili ndi mayeso 15, ndipo popeza ena mwa iwo amabwerezedwa m'njira zambiri, lonse limatulutsa ma p-value 188 pa mndandanda uliwonse. Ntchito yambiri yofulumizitsa yachitika pa gulu limeneli, choncho ndi limene tikambirane kwambiri.

N'chifukwa chiyani mayesowa amatenga nthawi yaitali chonchi?

Chifukwa choyamba ndi kuchuluka kwa deta. Mndandanda umodzi sukwanira kugamula kanthu, choncho woyesa amatenga mindandanda yambiri, kawirikawiri 1,000, uliwonse wa mabiti 1,000,000, zimene zimakwana mamegabaiti 125. Akatero amaona zinthu ziwiri: ngati mindandanda yopambana ikufika pafupifupi 980 mwa 1,000, ndiponso ngati ma p-value afalikira mofanana pakati pa 0 ndi 1 akawagawa m'zigawo khumi.

Chifukwa chachiwiri ndi kalembedwe ka pulogalamu imene NIST inapereka. Olemba ake anafuna kuti iwerengeke mosavuta ndi kutsatira masamu a m'chikalatacho mzere ndi mzere, ndipo zimenezi anazikwaniritsa, koma pa liwiro sanaikepo mtima. Biti iliyonse anaisunga mu baiti yakeyake, moti malo a mabiti 8 amanyamula biti imodzi yokha, ndipo purosesa imene imatha kugwira mabiti 64 nthawi imodzi imakakamizika kuyenda biti imodziimodzi. Zili ngati wogulitsa mazira amene akuwerenga dzira limodzilimodzi pamene mazirawo ali kale m'mathireyi a 30: akawerenga mathireyi apeza chiwerengero chomwecho ndendende, koma mwachangu kwambiri. Pafupifupi njira zonse zofulumizitsira mayesowa zagona pa mfundo yoti mabiti apanikizidwe m'mabaiti ndi m'mawu, kutanthauza magulu a mabiti 32 kapena 64 amene purosesa imagwira nthawi imodzi, kenaka awerengedwe m'magulu.

Kodi kuwerenga m'magulu kumachitika motani kwenikweni?

Pali njira ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi tebulo lokonzeratu. Baiti imodzi ikhoza kukhala m'maonekedwe 256 okha, choncho pulogalamu imawerengeratu kamodzi mawani a m'maonekedwe onsewo n'kusunga mayankho, ndipo ikafika pa baiti 10110010 siwerenganso koma imangoyang'ana pa tebulo n'kupeza 4. Njira yachiwiri ndi malamulo a purosesa yeniyeniyo. Mapurosesa a AMD kuyambira 2007 ndi a Intel kuyambira 2008 ali ndi lamulo lotchedwa POPCNT, limene limawerenga mawani a m'mabiti 64 pa sitepe imodzi.

Mayeso owerenga kangati mndandanda umasintha kuchoka pa ziro kupita pa wani kapena kubwerera amapindula m'njira yosangalatsa. Pulogalamu imatenga mawu a mabiti 64, imawasuntha ndi malo amodzi, imachita XOR (kuyerekeza kumene kumapereka wani mabiti awiri akasiyana) pakati pa mawu oyambawo ndi osunthidwawo, ndipo paliponse pamene mabiti awiri oyandikana akusiyana pamatuluka wani. Kuwerenga mawani amenewo ndi POPCNT kumapereka chiwerengero cha kusinthako, bola wolemba asaiwale malire a pakati pa mawu amodzi ndi otsatira, pomwe zolakwika zambiri zimabisala.

Mayeso a cumulative sums amaoneka ngati sangatheke m'magulu, chifukwa amaona wani ngati sitepe yopita kutsogolo ndi ziro ngati sitepe yobwerera m'mbuyo, n'kufuna kudziwa patali kwambiri pamene ulendowo unafika. Komabe tebulo limathandiza likasunga zinthu zitatu pa baiti iliyonse: pamene ulendo umathera pambuyo pa masitepe 8, pamwamba kwambiri pamene umafika mkati mwa baitiyo, ndi pansi kwambiri. Ndi manambala atatuwa pulogalamu imadumpha masitepe 8 nthawi imodzi osataya chilichonse.

Ndi mayeso ati amene amadya nthawi yambiri, ndipo anawafulumizitsa bwanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa mayeso osavuta aja amatenga kachigawo kochepa ka nthawi yonse ngakhale asanafulumizitsidwe. Amene amalemetsa ntchito ndi ochepa, ndipo aliwonse amafuna nzeru yakeyake.

Mayeso a non-overlapping template amafufuza timaonekedwe 148 ta mabiti 9 mu mndandanda, ndipo pulogalamu yoyambirira imayenda mndandanda wonse kuchokera poyambira mpaka pomalizira pa kaonekedwe kalikonse, kutanthauza maulendo 148 pa deta yomweyo. Koma timaonekedwe timeneti tinasankhidwa m'njira yoti palibe kamene kangalowane ndi iko komwe, ndiye kuti lamulo lodumpha mabiti 9 pambuyo popeza kaonekedweko silisintha chiwerengero. Choncho n'zokwanira kuyenda kamodzi kokha ndi zenera la mabiti 9, kulisuntha biti imodziimodzi, n'kumaonjezera 1 pa malo oyenera mu tebulo la malo 512. Pamapeto pa chigawo chilichonse, mayankho a timaonekedwe tonse 148 amakhala ali kale mu tebulomo. Kwa ine iyi ndiyo njira yokongola kwambiri pa zonse, chifukwa sinadalire purosesa yamphamvu koma kumvetsa bwino chimene mayesowo akuwerenga.

Nzeru yofananayo imagwira pa mayeso a serial ndi approximate entropy, amene amawerenga kangati kaonekedwe kalikonse ka mabiti m kakupezeka, kenakanso timaonekedwe tofupikirapo ndi biti imodzi kapena ziwiri. Palibe chifukwa choyenderanso deta, popeza kuchuluka kwa kaonekedwe 101 ndi kuchuluka kwa 1010 kuphatikiza kwa 1011, malinga mndandandawo ukuonedwa ngati wozungulira monga momwe mayesowa amachitira.

Mayeso a matrix rank amaika mabiti m'mabwalo a mizere 32 ndi mizati 32 n'kuchotsa mzere wina pa unzake kuti aone mizere yodziimira payokha. Mzere wa mabiti 32 umakwana ndendende m'mawu amodzi a purosesa, ndipo m'masamu a ziro ndi wani kuchotsa mzere pa unzake ndi XOR imodzi basi, m'malo mwa masitepe 32.

Mayeso a spectral amadalira kusandutsa kwa Fourier, njira ya masamu yopezera zinthu zobwerezabwereza mu mndandanda, ndipo apa palibe njira yachidule ya mabiti chifukwa ntchitoyo imachitika ndi manambala a madesimo. Chimene chimathandiza ndi kugwiritsa ntchito laibulale (pulogalamu yolembedwa kale imene mapulogalamu ena amaigwiritsa ntchito) yokonzedwa bwino monga FFTW, imene Matteo Frigo ndi Steven G. Johnson analemba ku MIT. Phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi la mayeso ena, moti ena onse akafulumizitsidwa, mayeso amenewa amayamba kuoneka olemera pa nthawi yotsalayo.

Olemera kuposa onse mu pulogalamu yoyambirira ndi mayeso a linear complexity. Amadula mndandanda m'zidutswa za mabiti pakati pa 500 ndi 5,000, ndipo pa chidutswa chilichonse amagwiritsa ntchito njira ya Berlekamp ndi Massey kupeza kutalika kwa rejista yaifupi kwambiri imene ingatulutse mabiti amenewo, rejista pokhala kamzere ka mabiti kamene kamapanga biti yotsatira pochita XOR pa mabiti ena a m'mbuyo. Ntchito ya njirayi imakula molingana ndi kutalika kwa chidutswa kuchulukitsa ndi kutalika komweko. Zidutswa za mabiti 500 zimakhala 2,000 mu mndandanda wa mabiti 1,000,000, chilichonse chofuna masitepe a m'gulu la 250,000, pamene zidutswa za 5,000 zimakhala 200 zokha koma chilichonse chofuna masitepe a m'gulu la 25,000,000, ndiye kuti ntchito yonse imakula kakhumi. Kupanikiza mabiti m'mawu kumachepetsa kwambiri mtolowu, chifukwa kuyerekeza zimene rejista ikulosera ndi biti yeniyeni kumasanduka AND (imene imasunga wani pokhapo pamene mbali zonse ziwiri zili ndi wani) pa mawu athunthu n'kuona ngati mawani otsalawo ndi ogawika pawiri kapena ayi.

Ndani anachita ntchito imeneyi, ndipo anafika pa liwiro lotani?

Ntchito yodziwika bwino inachokera ku Masaryk University mu mzinda wa Brno ku Czech Republic. Mu 2014 Marek Sýs ndi Zdeněk Říha analembanso mayeso onse a NIST ndipo ananena kuti gulu lonse likuyenda mofulumira pafupifupi ka 30 kuposa pulogalamu yoyambirira. Pambuyo pake, limodzi ndi Vashek Matyáš, anafika pa liwiro lopitirira pang'ono ka 50, moti mamegabaiti 20 a deta ankapimidwa mkati mwa mphindi imodzi. Chimene chinawapatsa phindu lalikulu pa ulendo wachiwiriwu ndi kuzindikira kuti mayeso a linear complexity safuna rejista yeniyeniyo koma kutalika kwake kokha, choncho anakonza njira ya Berlekamp ndi Massey kuti ipeze kutalikako osamanga rejistayo, ndipo gawo limeneli linayenda mofulumira pafupifupi ka 187 kuposa la NIST.

Kodi kugawa ntchito pa mapurosesa ambiri sikungakwanire pakokha?

Kumathandiza, ndipo n'kosavuta, chifukwa mindandanda 1,000 ija siidalirana, moti kompyuta ya makoro 8 (timapurosesa 8 togwira ntchito nthawi imodzi) ikhoza kupima mindandanda 8 nthawi imodzi. Koma kugawa pulogalamu yochedwa pa makoro 8 kumapereka phindu losaposa ka 8, pamene kukonza njira yowerengera kunapereka ka 50 pa koro imodzi, ndipo njira ziwirizi zimachulukitsana zikagwiritsidwa ntchito limodzi. Nzeru ndi kuyamba ndi kalembedwe, kugawa kubwere pambuyo.

Palinso lamulo limene Gene Amdahl anafotokoza mu 1967, loti gawo limene silinafulumizitsidwe ndi limene limaika malire a ntchito yonse. Ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a nthawi likuthera pa chinthu chosasinthika, monga kuwerenga fayilo pa disiki, ndiye kuti ngakhale zina zonse zitatha m'kuphethira kwa diso, ntchito yonse singafulumire kuposa kakhumi. N'chifukwa chake deta iyenera kusungidwa m'mabaiti enieni osati monga zilembo 0 ndi 1 zolembedwa, zimene zimakulitsa fayilo ka 8, ndiponso n'chifukwa chake wolemba ayenera kupima kaye kumene nthawi ikuthera asanayambe kukonza chilichonse.

Kodi kufulumizitsa sikusintha zotsatira za mayeso?

Sikuyenera kusintha, ndipo pa mfundo imeneyi sipayenera kukhala kunyengerera. Mayeso owerenga mabiti amatulutsa manambala athunthu, choncho pulogalamu yatsopano iyenera kupereka chiwerengero chofanana ndendende ndi yakale pa deta yomweyo. NIST inapereka mafayilo a zitsanzo, kuphatikizapo mabiti a manambala e ndi pi, pamodzi ndi ma p-value oyembekezeka, ndipo amenewa ndi poyambira pabwino. Sakwanira okha. Wolemba ayenera kuyesanso mindandanda imene kutalika kwake sikugawika ndi 8 kapena 64, mindandanda ya maziro okhaokha ndi ya mawani okhaokha, ndiponso zigawo zoyambira pakati pa baiti, chifukwa cholakwika cha biti imodzi pa malire sichioneka pa deta yabwino koma chimapotoza yankho mwakachetechete. Pa mayeso a spectral pokha ndi pamene kusiyana kwakung'ono kwambiri m'madesimo akutali kumayembekezeka, popeza malaibulale osiyana amaphatikiza manambala m'dongosolo losiyana.

Kufanana ndi pulogalamu yoyambirira sikutanthauza kuti mayesowo ndi olondola m'masamu. Mu 2004 Song-Ju Kim, Ken Umeno ndi Akio Hasegawa a ku Japan anasonyeza kuti manambala ena a m'mayeso a spectral anali olakwika, ndipo NIST inawakonza pambuyo pake. Mayeso a Lempel-Ziv, amene anali m'chikalata choyamba cha SP 800-22, anachotsedwa. Kukonza masamu ndi kufulumizitsa pulogalamu ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo wozisakaniza pa nthawi imodzi sangadziwe chimene chasintha zotsatira zake.

Bwanji osangochepetsa deta kapena kudumpha mayeso olemera?

Chifukwa kutero ndi kufooketsa mayeso, osati kuwafulumizitsa. Kukondera kwakung'ono kumaoneka pokhapokha deta ikachuluka, ndipo kuti muone kukondera kocheperapo kakhumi mumafunika deta yochulukirapo ka 100. Phindu lenileni la liwiro ndi lakuti m'nthawi yomweyo mumapima deta yambiri, kapena mumabwereza mayeso chipangizo chikatenthedwa, chikazizira, kapena magetsi ake akatsika.

Jenereta yanga yalephera mayeso amodzi mwa 188. Kodi ndi yoipa?

N'kutheka kuti ndi yabwinobwino. Pa mlingo wa 0.01, jenereta yangwiro imalephera mayeso aliwonse kamodzi pa maulendo 100, ndipo mayeso onse 188 akanakhala osadalirana, mwayi woti mndandanda wabwino ulephere penapake ukanakhala pafupifupi 85 pa 100. Ena mwa mayesowa amadalirana, choncho chiwerengero chenicheni chimasiyanako, koma mfundo ndi yakuti kulephera kumodzi n'kozolowereka. Chofunika ndi kutenga deta yatsopano n'kuona ngati mayeso omwewo akulepheranso mobwerezabwereza. Apa pulogalamu yachangu imasintha khalidwe la woyesa, chifukwa munthu amene ayenera kudikira usiku wonse amakopeka kunyalanyaza chizindikiro chokayikitsa, pamene wodikira mphindi zingapo amangobwereza. Chosayenera ndi kubwereza mpaka lipoti loyera litatuluka n'kusunga limenelo lokha.

Ngati jenereta yapambana mayeso onse, kodi ndi yotetezeka kupangira makiyi?

Ayi, ndipo liwiro lililonse silingasinthe yankho limeneli. Mayeso a masamu amaona maonekedwe a mabiti, koma mdani safunsa za maonekedwe, amafunsa ngati angathe kulosera. Mukatenga AES, njira yodziwika yobisira mauthenga, n'kumabisa manambala 1, 2, 3 ndi otsatira pogwiritsa ntchito kiyi imene dziko lonse likuidziwa, mabiti otulukawo adzaoneka angwiro pa mayeso onsewa, chonsecho aliyense angathe kuwapanganso.

Zoterezi zinachitikadi. Kuyambira 2006 mpaka 2008, pulogalamu yobisira mauthenga ya OpenSSL ya mu Debian, mtundu wina wa Linux, inali ndi cholakwika chimene chinasiya nambala ya pulosesi yokha (nambala imene kompyuta imapereka kwa pulogalamu ikayamba kuyenda) ngati mbewu, moti makiyi otheka a mtundu ndi kukula kulikonse anali pafupifupi 32,767 basi, koma kiyi iliyonse payokha inkaoneka ya mwachisawawa. Mu 2012 magulu awiri a ofufuza, lina la Arjen Lenstra ndi lina la Nadia Heninger, anasonkhanitsa pa intaneti makiyi a njira yobisira mauthenga ya RSA ndipo anapeza masauzande ambiri ogawana nambala yachinsinsi imodzi chifukwa zipangizo zinapanga makiyi zitangoyaka, mbewu isanakwane. Jenereta ya Mersenne Twister imapambana mayeso ochuluka, koma munthu akaona manambala ake 624 otsatizana amadziwa onse otsatira. Mkati mwake muli mabiti 19,937, ndipo chidutswa cha mabiti 500 kapena 5,000 cha mayeso a linear complexity n'chachifupi kwambiri kuti chiulule kamangidwe kotero, pamene BigCrush, imene imagwiritsa ntchito zidutswa zazitali, imakagwira.

Mu 2022 NIST inalengeza kuti ikonzanso SP 800-22 kuti zimveke bwino kuti mayesowa si njira yovomerezera majenereta obisira mauthenga. Ntchito yawo yoyenera ndi kugwira zolakwika zazikulu, monga waya wosalumikizika bwino, biti imene yakakamira pa ziro, kapena pulogalamu imene ikubwereza chigawo cha deta, ndipo pa ntchito imeneyi ndi othandiza kwambiri.

Nanga mayeso amene amayenda mkati mwa chipangizo pamene chikugwira ntchito?

Amenewa ali ndi vuto la liwiro la mtundu wina, chifukwa ayenera kuyendera limodzi ndi jenereta pa kachipu kopanda malo ambiri osungira. Malamulo akale a NIST a FIPS 140 ankafuna mayeso anayi pa mabiti 20,000, koma njira ya masiku ano ili mu chikalata cha NIST cha SP 800-90B cha 2018, ndipo ku Germany bungwe la BSI lili ndi malamulo ake a AIS 31. Malamulo a SP 800-90B ndi a AIS 31 amafuna kuti wopanga afotokoze kumene kusaloseka kwa chipangizo chake kukuchokera, ndiponso kuti mayeso aziyang'ana phokoso losakonzedwa, lisanadutse mu njira zosakaniza mabiti monga hash kapena AES, popeza likadutsamo zofooka zake zimabisika.

SP 800-90B imafotokoza mayeso awiri opepuka oyenda nthawi zonse. Oyamba amawerenga kangati chitsanzo chimodzi chabwerezedwa motsatizana, ndipo amachenjeza chiwerengerocho chikafika pa malire owerengedwa kuchokera ku kusaloseka kumene wopanga analonjeza. Achiwiri amatenga chitsanzo choyamba cha zenera la zitsanzo 1,024 pa magwero a mabiti, kapena 512 pa magwero ena, n'kuwerenga kangati chikupezekanso m'zeneramo. Onse awiri amafuna malo osungira chitsanzo chimodzi ndi zowerengera zochepa chabe, choncho amakwana ngakhale pa khadi la ku banki, ndipo magwero akafa mwadzidzidzi, oyambawo amazindikira mkati mwa zitsanzo zochepa n'kuletsa chipangizocho kupitiriza kupereka manambala opangira makiyi.